Munthu wosalira pa khoti: zokambirana pa gulu la Ana a ku Zomba

Tadala (Chirunga): Mwaswera bwanji makolo ndi abale pa gulu pano. Ndakhala ndikuwerenga zomwe zikulembedwa kuyambira m'mawa za mnyamata uja anthu anamuona akutsika galimoto ya ndende kukhoti. Ena akuti nkhope yokha ikuchita kuonetsa kuti anapha, ena akuti ndi psychopath ameneyo. Za mlandu wake sindiyankhulapo, uli m'manja mwa oweruza. Koma chaka chino kusukulu ndikuwerenga kafukufuku wa zomwe zimachitika anthu a jury (anthu wamba omwe khoti limawaitana kuti amve umboni n'kugamula mlandu) akangoyamba kumuona woimbidwa mlandu ndi maso amenewo, ndipo zina mwa zomwe anapeza n'zoopsa. Ndikupempha mpata ndifotokozeko.

Admin: Fotokozani a Tadala. Koma pasapezeke wotchula dzina la munthu kapena mudzi wake. Chithunzi chija ndachichotsa.

Che Amidu (Songani): Amene ndinalemba zija ndine, ndipo sindikubweza mawu. Ndinali pomwepo, ndinaona ndi maso angawa. Mayi a malemu akulira pakhonde mpaka kugwa, azimayi anzawo kuwagwiriziza, iye akudutsa maso ali gwa, osaphethira n'komwe. Munthu wokhala ndi mtima angatero? Kwathu timati wakhwima ameneyo.

Tadala (Chirunga): Che Amidu, pomwe mwagwirapo ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ndiyambe ndi zomwe akatswiri a zamaganizo amatanthauza. Psychopathy ndi khalidwe lomwe limaoneka mwa munthu kwa zaka zambiri: bodza losalekeza, pakamwa potsekemera pofuna kudyera ena masuku pamutu, kusamvera anthu chisoni, chikumbumtima chosatsutsa, kuchita zinthu mosaganizira za mawa, ndi kuswa malamulo kuyambira ali mwana. Katswiri wa ku Canada, Robert Hare, anapanga muyeso wake pofufuza akaidi aamuna a kwawoko. Womwe umagwira ntchito kwambiri umatchedwa PCL-R ndipo unasindikizidwa mu 1991. Uli ndi mfundo 20, iliyonse imapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndiye malikisi onse amathera pa 40. Ku America kawirikawiri amati munthu ndi psychopath akapeza 30 kupita m'mwamba. Kuti apereke malikisiwo, katswiri amacheza ndi munthuyo nthawi yaitali, kenako amawerenga mafayilo ake a kupolisi, a kundende ndi a kusukulu, kuphatikizapo zomwe anthu omudziwa ananena. Si muyeso woti n'kuupereka pongomuona munthu akudutsa pakhonde.

Tadala (Chirunga): Tsono ofufuza saloledwa kulowa m'chipinda momwe jury ikukambirana. Chomwe amachita n'kupeka mlandu, n'kuupereka kwa anthu ambiri m'magulumagulu. Umboni umakhala womwewo kwa onse, amangosintha chinthu chimodzi. Mu 2005 John Edens ndi anzake anachita zotere ndi mlandu wakupha. Gulu lina linauzidwa kuti katswiri wapeza kuti wolakwayo ndi psychopath, lina kuti amadwala misala, lina kuti alibe vuto lililonse la m'maganizo. Mwa omwe anamva kuti ndi psychopath, anthu 60 pa 100 aliwonse anati aphedwe. Mwa omwe anamva kuti amadwala misala anali 30, ndipo mwa omwe anamva kuti alibe vuto anali 38. Mlandu umodzimodzi, wophedwa yemweyo, umboni womwewo.

Che Amidu (Songani): Nanga chalakwika n'chiyani pamenepo? Ngati munthu ali woipa mtima, alandire zomuyenera.

Mayi Nasibeko (Sadzi): Che Amidu, mundilole ndilowererepo. Ndagwira unamwino wa odwala matenda a maganizo mpaka kupuma, ndipo zomwe munaona pakhonde paja ndaziona pa nkhope zambiri. Za mnyamatayo sindikudziwa kanthu, ndinene za nkhope chabe.

Munthu amene akumwa chlorpromazine kapena haloperidol, mankhwala omwe takhala tikupereka kwa odwala misala kwa zaka zambiri, nthawi zina nkhope yake imauma. Saphethira pafupipafupi, mikono siigwedera poyenda, amayenda mokwakwaza mapazi, mawu amatuluka opanda kukwera kapena kutsika. Mayi ake enieni amabwera kudzamuona atamuphikira nsima ya ndiwo zomwe amakonda, iye n'kungowayang'ana osamwetulira. Mayiyo amatuluka akulira kuti mwana wanga sakundifunanso. Tikachepetsa mankhwala kapena kuwonjezera ena othandiza kuumako, sabata zingapo nkhope imabwerera. Chikondi chinalipo nthawi yonseyo, minofu ndi yomwe inali itauma.

Palinso matenda enieniwo. Schizophrenia, womwe ndi mtundu wina wa misala, imatha kuzimitsa nkhope ngakhale popanda mankhwala. Wodwala matenda okhumudwa kwambiri amangoti duu. Munthu amene wachita mantha opitirira muyeso, thupi limazizira, misozi osatuluka. Si tonse taonapo namfedwa amene salira mpaka tsiku loika litadutsa? Timati wakhwima?

Ndipo tisasakanize zinthu ziwirizi. Wamisala amamva mawu omwe ena sakuwamva, amakhulupirira zinthu zomwe kulibe. Psychopath amadziwa bwinobwino chomwe akuchita. Chodabwitsa n'chakuti psychopath weniweni kawirikawiri ndi amene amadziwa kulira pa nthawi yake ndi kupepesa mokoma.

Tadala (Chirunga): Zikomo amayi. Kusakaniza komwe mwanenako kunapezekanso kwa Azungu omwe. Gulu la Edens linafunsa anthu mazana omwe anaitanidwa kudzakhala pa jury ku Dallas kuti psychopath ndi munthu wotani, ndipo zinaoneka kuti ambiri ankasakaniza khalidweli ndi zizindikiro za misala. Zambiri zomwe anthu amadziwa amazitenga m'mafilimu ndi m'nkhani za pa TV.

Chisomo (Mulunguzi): Ine ndinaphunzira zamalamulo, ndiye ndionjezere. Gawo 12 la Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu ndi zilango, limati munthu sakhala ndi mlandu ngati pa nthawi yochita chinthucho matenda a maganizo anamulepheretsa kumvetsa chomwe akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita. Lamuloli linachokera ku malamulo a M'Naghten a ku England a mu 1843. Psychopathy payokha simufikitsa munthu pamenepo. Khoti likakayikira za mutu wa woimbidwa mlandu limamutumiza kuti akamuyeze, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi chathu chomwechi cha Zomba Mental.

Koma a Tadala, ndikufunseni mosabisa. Ambiri mwa omwe amayankha mafunso pa kafukufuku wotere ndi ophunzira a ku yunivesite ku America, owerenga masamba awiri kapena atatu, osaona munthu wamoyo, osakambirana ndi anzawo. Palibe amene afe chifukwa cha yankho lawo. Ndipo kuno milandu yakupha ikuzengedwa ndi jaji yekha, boma linaimitsa jury pa milandu imeneyi chifukwa anthu ankakhalitsa pa rimandi podikira. Zikutikhudza pati?

Tadala (Chirunga): Funso lanu ndi loona a Chisomo, ndipo ofufuzawo amavomereza kufooka kumeneko. Ndionjezere china chomwe chikugwirizana nanu. Mu 2019 Colleen Berryessa ndi mnzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa mtunduwu, n'kupeza kuti kungotchula dzina lakuti psychopath kumakweza chilango pang'ono chabe, osati kwambiri monga ena ankaopera. Koma chaka chomwecho Shannon Kelley, Edens ndi anzawo anayang'ana mbali ina. Iwo anafunsa kuti, kaya katswiri watchula dzinalo kaya sanatchule, wa jury mwini wakeyo akumuona bwanji woimbidwa mlandu? Anapeza kuti amene wadzigamulira mumtima kuti munthuyu ndi wotero, amamuonanso kuti ndi woopsa, ndi woipa, ndipo amafuna chilango chachikulu mpaka imfa. Pa makhalidwe onse aja, lomwe limabwera mobwerezabwereza ndi kusaonetsa chisoni pa zomwe wachita.

Izi si za ophunzira okha. Kuyambira mu 1991 kafukufuku wotchedwa Capital Jury Project anacheza ndi anthu opitirira 1,000 omwe anakhaladi pa jury pa milandu ya chilango cha imfa ku America. Ambiri ankakumbukira momwe woimbidwa mlandu ankaonekera m'khoti, kuti ankaoneka wotopa nazo, wosakhudzidwa, ndipo zimenezo zinkawakankhira ku chigamulo cha imfa. Ndiye dzina lachingerezi lija tikhoza kulisiya. Chomwe chikugwira ntchito ndi chomwe Che Amidu alemba: ndamuyang'ana, alibe chisoni.

Bambo Mbewe (Matawale): Mwana wanga Tadala, wandikumbutsa kale. Achinyamata ambiri pano sadziwa kuti jury kuno inaliko. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, milandu yakupha inachoka ku makhoti a mafumu aja n'kubwerera ku High Court, ndipo ankaitana anthu wamba 12 kuti amve umboni n'kunena ngati munthu ali wolakwa. Ine ndinaitanidwapo ndikadali pa uphunzitsi. Zomwe tinakambirana m'chipinda sindingaulule, koma zomwe zinali poyera m'khoti ndinena.

Woimbidwa mlandu anali bambo wa kumudzi, wosapita kusukulu, wolankhula Chiyao kwambiri kuposa Chichewa. Maloya ndi jaji ankalankhula Chingerezi, womasulira n'kumatembenuza. Ndiye mawu ankamufika mochedwa. Loya wa boma akanena chinthu choti khoti lonse lichite phuu, bamboyu anali asanamve. Pomwe akumva, anthu apita kale pa mfundo ina. Tsiku lonse anakhala atazolika, manja ali pakati pa maondo, chipewa chake chakutha atachipinda m'manja. Jaji akamufunsa ankayankha akuyang'ana pansi.

Pa nthawi yopuma panja, anthu odzaonerera ankagawikana. Ena ankati taonani akulephera kudzutsa mutu, chikumbumtima chikumudya, anapha ndithu. Ena ankati taonani sakugwedezeka, mtima wake ndi mwala. Kuzolika komweko, anthu awiri kukuwerenga mosiyana, koma onse n'kuthera pomuipitsa. Pomwe ife tonse tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu suyang'ana m'maso, umagwetsa nkhope. Pa bwalo la amfumu ukayang'anitsitsa nyakwawa amati ndiwe wamwano.

Ndipo kumbukirani kuti masiku amenewo tikangoti wolakwa pa mlandu wopha mwadala, jaji analibe chochita china koma kugamula kuti akanyongedwe. Tinkadziwa zimenezo tikukhala pa mipando ija. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Koma ndikuuzeni zoona, munthu ukakhala pamenepo masiku angapo, maso amapita okha pa nkhope yake. Sungawaletse.

Che Amidu (Songani): Bambo Mbewe, za kuzolika ndavomera, ifenso tinaleredwa choncho. Koma uja sanazolike ayi.

Mayi Nasibeko (Sadzi): Ndiye taonani Che Amidu, akazolika ndi wolakwa, akadzutsa mutu ndi wokhwima. Aime bwanji kuti tidikire umboni?

Nangozo (Chinamwali): Ndakhala chete ndikuwerenga, koma mtima ukundiwawa. Mchimwene wanga anaphedwa. Amene anamupha anali munthu woti ankadya kwathu, ankamutcha mlamu. Pa maliro anabwera, ananyamula nawo bokosi, anathira nawo dothi. Atagwidwa ananama nkhani zitatu zosiyana. Kale anali atabera amalume ake omwe, anasiya akazi ndi ana m'midzi ingapo, ali mnyamata ankazunza ziweto za anthu. Musandiuze kuti aliyense ndi wodwala kapena ndi wamantha. Anthu opanda chikumbumtima alipo, ine ndinakhala naye pa mphasa imodzi. Mukamakamba za kafukufuku muzikumbukiranso ife amene tinasiyidwa ndi ana amasiye.

Tadala (Chirunga): Pepani kwambiri anachemwali, Mulungu apitirize kukutonthozani. Sindikukana kuti anthu otere alipo, ndipo kafukufuku sakana. Akaidi opeza malikisi okwera pa muyeso wa Hare amabwereza milandu kawirikawiri kuposa anzawo akatuluka, zimenezo zinapezeka m'maiko angapo.

Koma taonani zomwe mwatchula inuyo. Kuba kwa amalume, kusiya mabanja, nkhanza kuyambira ubwana, mabodza atatu. Zonsezo ndi mbiri, zinthu zoti mboni zikhoza kubwera n'kulumbira. Za nkhope yake simunanenepo, ndipo pa maliro anaoneka ngati wolira nawo. Muyeso uja uli ndi zigawo ziwiri. China chimaona za mumtima ndi kachezedwe: pakamwa potsekemera, kudzimva, kusamva chisoni. China chimaona zochita: kupsa mtima msanga, kusasamala udindo, milandu ya paubwana. Ofufuza atasonkhanitsa zotsatira zambiri anapeza kuti chigawo cha zochita ndi chomwe chimalosera bwino ngati munthu adzachitenso zachiwawa. Chigawo cha za mumtima chimalosera mofooka. Koma chomwe chimagwedeza anthu a jury ndi chofookacho. Amalanga kwambiri potengera chinthu chomwe sichiwauza zambiri za mawa, n'kuchiwerenganso pa nkhope pomwe sichiwerengeka.

Nangozo (Chinamwali): Pamenepo ndamva. Akanakhala kuti amaweruza ndi nkhope, uja akanatuluka tsiku lomwelo. Ankamwetulira aliyense.

Chisomo (Mulunguzi): Ndiye njira si kungoitana katswiri kuti ayeze bwinobwino, m'malo mosiyira anthu wamba?

Tadala (Chirunga): Ndikanakonda zikanakhala zophweka choncho. Ku Texas, jury isanagamule imfa imayenera kuyankha ngati munthuyo adzakhalebe woopsa m'tsogolo. Kunali dokotala wa zamaganizo, James Grigson, amene anaperekera umboni boma pa milandu yoposa 100 ya mtunduwu, mpaka anthu anamupatsa dzina loti Dr Death. Ankauza jury motsimikiza kuti munthuyu alibe chikumbumtima ndipo adzaphanso, nthawi zina asanamuyeze n'komwe. Mmodzi mwa anthu omwe anawanenera zotere anali Randall Dale Adams, amene anagamulidwa kuti aphedwe mu 1977 pa imfa ya wapolisi ku Dallas. Adams ankakana mlanduwo, ndipo kukanako kunatengedwa ngati kusalapa. Anatsala masiku atatu kuti aphedwe pomwe khoti linaimitsa. Mu 1989 anatulutsidwa zitadziwika kuti sanaphe ndi iye. Munthu wosalakwa angaonetse bwanji chisoni pa chinthu chomwe sanachite? Bungwe la madokotala a zamaganizo la American Psychiatric Association linamuchotsa Grigson pa umembala mu 1995. Bungwe lomweli linali litachenjeza kale khoti lalikulu la America pa mlandu wa Barefoot mu 1983 kuti maulosi otere amalakwika kawiri pa katatu, koma khoti linalola kuti umboniwo uzilandiridwabe.

Mwina munganene kuti ameneyo anali munthu mmodzi. Mu 2013 Daniel Murrie ndi Marcus Boccaccini analemba ganyu akatswiri 108 n'kuwapatsa mafayilo a akaidi omwewo. Ena anauzidwa kuti alembedwa ndi mbali ya boma, ena kuti alembedwa ndi mbali ya woimbidwa mlandu. Oganiza kuti akugwirira boma ankapereka malikisi okwera, enawo otsika. Sikuti ankanama dala, koma munthu amapendekera komwe kwamutuma osazindikira. Mu 2020 gulu la akatswiri linafika polemba chikalata chonena kuti PCL-R isagwiritsidwe ntchito pa milandu ya chilango cha imfa polosera ngati munthu adzachite chiwawa choopsa m'ndende.

Yamikani (Thondwe): Ndafika mochedwa, ndinali kumunda. A Chisomo munafunsa kuti zikutikhudza pati. Ine ndinagwirapo ntchito yothandiza akaidi pa zamalamulo, ndiye ndiyankhe ndi za kwathu konkuno.

Mu April 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khoti linagamula kuti lamulo lokakamiza chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira pamenepo jaji ayenera kuona munthuyo payekha: anakula bwanji, mutu wake uli bwanji, analakwapo kale, akumva chisoni kapena ayi. Ndiye funso lomwe jury ya ku Texas imalimbana nalo lili pa tebulo la majaji athu tsopano. Kuyambira mu 2015 akaidi omwe anagamulidwa imfa pansi pa lamulo lakale anayamba kumvedwanso, ambiri a iwo akuchokera ku ndende yaikulu ya Zomba konkuno. Ntchitoyo inayendetsedwa ndi Malawi Human Rights Commission pamodzi ndi Legal Aid, mabungwe othandiza akaidi pa zamalamulo a PASI ndi Reprieve, ndi ena. Anthu opitirira 150 anamvedwa, palibe amene anabwezeredwa chilango cha imfa, ndipo ambiri anatulutsidwa.

Chomwe chinasintha zinthu ndi kupita kumidzi. Umakwera njinga mpaka komwe munthu anabadwira, n'kukhala pansi ndi amfumu, amayi ake, anzake a paubwana. Ndimakumbukira gogo wina amene analowa m'nyumba n'kutulutsa kajumbo kakuda komangidwa ndi luzi. M'katimo munali mabuku a kuchipatala a mwana wake, masamba atachita chikasu, osonyeza kuti ankagwa khunyu kuyambira ali wamng'ono ndipo ankalandira phenobarbitone. Kumudzi konse ankadziwa kuti akadzuka pogwa amakhala wosokonezeka, osazindikira anthu. Gogoyo anati palibe anandifunsapo. Munthu ameneyo ukamuona koyamba umangoti ndi wouma mtima, sayankhula, sayang'ana munthu.

Ndipo chilango cha imfa chikadalipo m'malamulo athu. Khoti la Supreme linaoneka ngati lachithetsa mu April 2021 pa mlandu wa Khoviwa, koma mu August chaka chomwecho linafotokoza kuti sichinathe. Kunyonga komaliza kunachitika mu 1992, koma kugamula kukuchitikabe.

Chisomo (Mulunguzi): Achimwene Yamikani mwandiyankha. Komabe jaji ndi wophunzira, waona milandu yambiri. Sangatengeke ngati munthu wamba.

Tadala (Chirunga): Majaji nawo anayesedwapo. Mu 2012 ofufuza a ku University of Utah, Lisa Aspinwall, Teneille Brown ndi James Tabery, anapereka mlandu wopeka wovulaza munthu koopsa kwa majaji 181 a ku America. Onse anauzidwa kuti wolakwayo ndi psychopath. Majajiwo ananena kuti mlandu wotere amagamula zaka pafupifupi 9, koma uyu anamupatsa pafupifupi 14. Ena anapatsidwanso umboni wa katswiri wofotokoza kuti khalidweli limachokera ku chibadwa ndi kapangidwe ka ubongo, ndipo amenewa anatsitsa kufika pafupifupi zaka 13. Kutsika kwa chaka chimodzi chokha. Umboni wa ubongo umakoka mbali ziwiri: wina amati si kufuna kwake, tichepetse, wina amati ndiye kuti sadzasintha, titsekere.

Zinachitikadi mu 2009 ku Illinois pa mlandu wa Brian Dugan, amene anavomera kupha kamtsikana. Maloya ake anabweretsa katswiri Kent Kiehl kuti afotokoze zomwe anapeza atamujambula ubongo, ndi kuti malikisi ake pa PCL-R anali okwera kwambiri, poganiza kuti jury imumvera chisoni. Jury inagamula imfa. Anapulumuka chifukwa Illinois inathetsa chilangocho mu 2011.

Bambo Mbewe (Matawale): Mwana wanga, muyeso wa Hare uja ungagwire kuno? Tandiuza mfundo zina zomwe amafunsa.

Tadala (Chirunga): Zina mwa izo bambo ndi izi: kukhala modalira ena osadzigwirira ntchito, kusakhala ndi mapulani enieni a m'tsogolo, maukwati ambiri osakhalitsa, milandu ya paubwana, kuphwanya malamulo a belo kapena a kutulutsidwa msanga, ndi kukana kuvomera zolakwa zako.

Bambo Mbewe (Matawale): Ndiye pafunika kusamala kwambiri. Mnyamata amene analemba Form 4 n'kusowa ntchito, akukhala kwa amalume ake ku Chikanda, akudya pomwepo, ukamufunsa za zaka zisanu zikubwerazi akuti Mulungu ndiye adziwa, ameneyo mumupatsa malikisi angati? Theka la ana omwe ndinawaphunzitsa ali choncho, ndipo si oipa. Kuno kudalirana ndi chikhalidwe. Ndipo kuno kwathu mwamuna amakakhala chikamwini, banja likavuta amanyamula thumba lake n'kubwerera kwawo, mawa wakwatira kwina. Woyeza wochokera kunja akhoza kuwerenga zonsezo molakwika.

Mayi Nasibeko (Sadzi): Onjezerani za mafayilo. Muyesowo umadalira zolembedwa za moyo wonse wa munthu. Kwa anthu athu ambiri a kumudzi zolembedwazo ndi kabuku ka kuchipatala basi, mwinanso kanadyedwa ndi chiswe. Popanda zimenezo woyeza amatsala ndi zomwe waona pocheza, ndiye tabwerera ku nkhope komwe kuja.

Che Amidu (Songani): Ndawerenga zonse. Sindinasinthe maganizo pa zakuti anthu ena ndi oipa kuchokera mumtima, ndipo mayi Nangozo anena zoona. Chomwe chandigwira ndi cha mzungu uja anatsala masiku atatu. Ndipo ndikuganiza za kumsika. Wakuba akagwidwa palibe jaji, palibe loya, anthu amangoyang'ana. Akalira n'kugwada ena amati mutengereni kupolisi. Akangoti chilili osayankhula, utamva wina akuti bweretsani matayala. Ndaonapo zimenezo, ndipo wosayankhulayo mwina anali atagwidwa ndi mantha chabe.

Nangozo (Chinamwali): Ine chomwe ndikufuna n'chakuti akamafufuza mbiri ya wopha, azifikanso kwa ofedwa. Tili ndi zambiri zoti tinene za munthuyo zomwe khoti silinamve, ndipo si zonse zomuchepetsera chilango.

Yamikani (Thondwe): Zoona anachemwali. Pa ntchito ya kumvanso milandu ija ofedwa ankafunsidwa maganizo awo komwe ankapezeka, pamodzi ndi mafumu. Ena ankakhululuka, ena ankakana, ndipo zonse zinkapita kwa jaji. Mbiri ikafufuzidwa bwino imatulutsa zokomera munthu ndi zomutsutsa zomwe.

Mayi Nasibeko (Sadzi): Ndisanapite kukaphika, ndinene kwa amene ali ndi m'bale pa rimandi. Ngati amamwa mankhwala a misala kapena a khunyu, kapena anagonekedwapo chifukwa cha mutu, uzani loya wake msanga, musadikire tsiku la mlandu. Tchulani dzina la mankhwala ndi nthawi yomwe anayamba kumwa. Mabanja ambiri amabisa poopa manyazi, mapeto ake khoti limangoona munthu wouma nkhope popanda womufotokozera.

Yamikani (Thondwe): Ndipo mabuku a kuchipatala akale musataye ngakhale atadzaza. Kajambulitseni fotokope, loya mumupatse fotokopeyo, enieniwo musunge kunyumba mpaka khoti litawafuna. Ngati mulibe loya pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau konkuno ku Zomba, mutenge dzina lonse la m'bale wanuyo, polisi yomwe inamugwira ndi nambala ya mlandu ngati mukuidziwa.